Makina Ochapira ndi Nsalu ya Apongozi

Lolemba

Afika! Makina ochapira a dona wa ku mishoni, amene akubwerera kwawo, tsopano ndi anga. Abwera pangolo, mudzi wonse ukutsatira pambuyo ngati kwabwera kanema wa baisikopo. Chimphika chachitsulo cha miyendo itatu, mkono wopukusa, ndipo pamwamba mipini iwiri ya mphira yofinyira madzi. Ndikungowazungulira, sindikukhuta.

Vuto ndi limodzi: ndi owonongeka. Giya yaguluka dzino, ukapukusa mkono umangozungulira chabe. N'chifukwa chake dona sanavute pamtengo.

Ndilembe cholinga, ndingaiwale ndi chimwemwe. Zaka zitatu ndili pachikamwini kuno kwawo kwa mkazi wanga Esinati, kufupi ndi Sinda, kupalasa njinga tsiku ndi tsiku kukaphunzitsa. Kusukulu kuli nyumba ya aphunzitsi yopanda munthu, yamalata, ndipo andiuza kuti ndiyankhe pofika Lolemba likudzali. Lamulungu amalume ake a Esinati akubwera kudzagamula za chitengwa, ngati ndingamutenge kukakhala naye kumeneko. Akadzaona makinawa adzati, uyu mwana wathu sangamuzunze, mutengeni!

Kukonza kapena kugula ena?
Kukonza: a Tembo okonza njinga ali m'mudzi momwe muno.
Kugula ena: kuti?
Kukonza kwapambana.

Lachiwiri

A Tembo ndi mfiti ya zitsulo! Amasula mabawuti asanu ndi awiri, asula dzino kuchokera ku msomali, abwezera mabawuti asanu. Awiri otsalawo akuti: "Azungu amangochulutsa, aphunzitsi."

Akuchapa! Akuchapadi! Malaya anga oyera alowa akuda, atuluka ophwatalala ngati chikwangwani. Mabatani atatu aphwanyika, koma batani n'chiyani pamaso pa chitukuko?

Apongozi aima patali, pafupi ndi khola. Ine ndi iwo sitiyang'anana, sitilankhulana, tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Akafuna kuti ndimve kanthu amauza mbuzi. Lero auza mbuzi kuti: "Amuna a anzathu amagula ng'ombe."

Ndaseka ndekha. Adzaona.

Lachitatu

Pobwera kusukulu ndipeza mzere. Amayi a mudzi wonse, aliyense ndi mtolo pamutu. Wopukusa ndine, chifukwa ndanena ndekha kuti mkonowu ukufuna wophunzira.

Zachapidwa lero:
mabulangete anayi
matewera osawerengeka
jekete la a Sakala amene anapita kunkhondo
thumba la chimanga (sindinafunse)

Esinati wapita kuchitsime kasanu ndi kanayi. Akutula ndowa akuti: "Kumtsinje madzi amabwera okha." Nsanje chabe, phewa langa ndi limene likutchuka.

Dzuwa litapendeka Esinati aponyamo mtolo womaliza. Ndipukusa ndikuimba nyimbo. Kenaka gwa! Mkono waima. Nsalu yofiira yakanirira pakati pa mipini, theka uku, theka uko. Nditambasula dzanja kuti ndiikoke, Esinati andimenya pa mkono. "Musakhudze! Ndi ya amayi!"

Mayo ine.

Lachinayi

Nsalu ikadali pomwepo. Pangodya pake apongozi anamangapo kanthu n'kuiwala, ndipo kanthuko ndi kamene katseka mipini. Ndi zija amayi amavala m'chiuno. Sindilemba dzina lake, ngakhale m'buku langa lomwe.

Ndaitana a Tembo. Afika ndi sipanala, aona nsalu, atembenuka ngati msilikali. Ndinaiwala: iwonso anakwatira muno, mkazi wawo ndi mng'ono wake wa Esinati. Apongozi ndi amodzi! M'mudzi wonse muno odziwa sipanala ndife awiri, ndipo tonse ndife akamwini.

Nzeru yatsopano: ife tifulatire, Esinati agwire ntchito, tizimuuza. Taima moyang'ana nkhokwe, a Tembo akufuula: "Bwezerani kumbuyo, alamu!" Esinati apukusa kutsogolo ndi mphamvu zake zonse. Phwa, phwa, phwa! Timikanda tikudumpha pabwalo ponse, tina tikundigunda kuchidendene. (Ndalemba. Basi.)

Ndayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Mitambo ya lero ndi yokongola ndithu. Nkhuku zatola zimene zatola.

Lachisanu

Kugula ena! Bwanji ndinazikana Lolemba lija? Makina atsopano pabwalo, akalewa kuseri kwa nkhokwe ndi nsalu yawo, nkhani yatha. Ndapempha mnzanga andigwirire kalasi, ndapalasa mpaka ku Katete ndikuimba mluzu.

Mwini sitolo atsegula buku la zithunzi. Makina oyera mbee, mzungu wamkazi akumwetulira pambali. "Magetsi muli nawo kwanu?" Ndati tili ndi nyali ziwiri. Watseka buku.

Opukusa ndi manja? Ngakhale ku tauni ya Fort Jameson kulibe, akuti mwina kutali ku Salisbury, mvula ikatha. Nanga mipini yokha ndi giya yake? Waseka mpaka kutsokomola.

Komabe sindinabwere chimanjamanja. Ndagula nsalu yatsopano ya apongozi, yamaluwa achikasu, yoposa ija kutalitali. Mtima uli m'malo. Ndine munthu wanzeru, ndikudziwa.

Loweruka

Esinati wapereka nsalu. Yankho labwera kudzera kwa mbuzi: "Yatsopano ndalandira. Koma ija ndinabatizidwa nayo, ndipo mlongo wanga asaipeze ili pabwalo ngati mbendera."

Mlongo wawoyo ndiye amalume. Mawa!

Amayi anayi ayesa kukoka. Makina agwa chagada, nsalu osasuntha.

Nzeru yomaliza, ndipo ndi yanga: Esinati aphimba mipini ndi chiguduli, ine ndi a Tembo timasula chofinyira chonsecho ndi manja okha, maso ali kumbali. Zatheka! Chachoka chathunthu, mipini, giya ndi nsalu yomwe. Esinati wachisenza pamutu, wakachitula m'nyumba mwa amayi ake.

Tagwirana chanza ndi a Tembo, tavina pang'ono. Pakati pa kuvinako a Tembo aima n'kufunsa: "Nanga giya ija mukaitenga bwanji, aphunzitsi?"

M'nyumba mwa apongozi. Kuchipinda. Kumene ine sindidzapondako mpaka imfa.

Lamulungu

Tabwerako kutchalitchi. Apongozi anavala yamaluwa achikasu, ndinaiona ndi ngodya ya diso.

Amalume afika, akhala pampando wanga, amva nkhani yonse kwa amayi asanu nthawi imodzi. Apita kukaona chimphika, achigogoda, apukusa mkono wopanda giya. Anamva za mabulangete a Lachitatu, ndipo nawonso anabwera ndi lawo panjinga.

Chigamulo ndachilemba monga anachinenera: "Mkamwini wobweretsa zinthu zotere ndi wosowa. Sitingamutaye msanga. Ayambe wakonza makinawa, mudzi uchape, za chitengwa tidzakamba pambuyo pake."

Onse aombera m'manja. Inenso ndaomba, nanga n'kutani.

Kukonza sindingathe, theka la makina lili kuchipinda kwa apongozi, ndipo mbuzi yauzidwa kale kuti chitsulocho chikuthandiza kutsekera chitseko. Kugula ena sindingathe. Mawa ndikauza akusukulu kuti nyumba ija apatse wina.

Madzulo ano Esinati wabwera ndi mphatso yochokera kwa amayi ake, yothokoza nsalu. Khasu. Latsopano, lonoledwa kale.