Mpando wa kuseri kwa Mayi Hayashida

Pali zabwino zina zimene munthu umachita n'kumadzalakalaka ukadangogona tsiku lonse. Zanga ndinazichita m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene ndinkayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe ku Washington, tikukhala ku Woodbridge.

Nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala mayi wamasiye wa ku Japan, Mayi Hayashida, wojambula zithunzi ndi penti. Mkazi wanga atadwala nthawi yachisanu, ndi iwo ankabwera ndi msuzi tsiku ndi tsiku, pamene anzathu a kutchalitchi ankangoimba foni. M'dziko la eni, munthu wotero ndi m'bale.

Koma kuseri kwa nyumba yawo, abale inu! Udzu wolekeza m'chiuno, masamba ounjikana, ziyangoyango zitakulunga mpando wina wathabwa umene unali pakati. Ine ndinaleredwa kuti pakhomo posasesa ndi pa munthu wopanda abale. Ndikasuzumira pampanda mtima unkandiwawa.

Loweruka lina, mayiwo atapita ku New York kukaonetsa zithunzi zawo, ndinati mpata wothokoza ndi umenewu.

"Bambo a Chikondi, eni ake mwawafunsa?" anatero mkazi wanga.

"Kuthandiza mayi wamasiye mpaka kupempha chilolezo? Munaziona kuti?"

Ndinayamba ndi udzu, chikwakwa chili m'manja (ndinachita kubwera nacho kuchokera kumudzi, za pabwalo la ndege musandifunse). Kenaka ndinazula ziyangoyango. Ndinasesa mpaka dothi linaoneka, mizere ya tsache ili yowongoka bwino. Ndikadalekera pomwepo, mwina bwenzi mlandu uli wochepa. Koma ayi, mpando uja ndinaupala ndere, ndinaukhomera mwendo umene unkagwedera, n'kuupaka penti ya buluu imene inatsala titapaka chitseko cha galaja.

Mayiwo atabwera Lolemba, ine ndinali nditaima kale pampanda, kudikira kuyamikiridwa. Anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenaka anawerama monga amachitira kwawo. Chitsiru ine ndinaweramanso, n'kunena kuti, "Musadandaule mayi, n'zochepa."

"Tabwerani muone," anatero motsitsa mawu.

Pakhoma la chipinda chawo chojambuliramo panali zithunzi ndondondo za mpando womwe uja. Choyamba uli woyera. China udzu ukuugwira miyendo. China uli m'chipale chofewa, china kambalame katamanga chisa pamenepo.

"Amuna anga ankakhala pampando umenewu m'mawa uliwonse," anatero. "Atamwalira ndinausiya panja kuti nthaka iutenge pang'onopang'ono. Ndinkafuna kuona ngati thengo limamukwiyira munthu kapena limamulandira. Kunatsala chithunzi chimodzi, cha tsiku limene mpandowo sudzaonekanso."

Ndinalakalaka nthaka yomwe ndinasesayo itang'ambika n'kundimeza. Zaka zonse zimene mayiwo analirira amuna awo, ine ndinazitchetcha tsiku limodzi, ndikuimba mluzu.

Kwathu wolakwa amanyamula nkhuku. Ife tinanyamula ya m'sitolo, youma ndi madzi oundana, yopanda mutu (mkazi wanga sanandiyankhule njira yonse, ngakhale inali ya masitepe khumi okha). Mayi Hayashida anailandira ndi manja awiri. Bola akadandikalipira. Moni sanasiye kutipatsa, koma kuseri kuja sindinawaonenso atakhala ndi burashi yawo.

Chaka chotsatira anabwerera ku Japan. Tsiku lonyamuka tinapeza chithunzi chitatsamira pachitseko chathu: dothi lambee, mizere ya tsache, mpando wa buluu uli wokha pakati, wopanda ngakhale tsamba limodzi. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kundikhululukira kapena kundiweruza.

Chithunzicho chili pabalaza pathu. Ndikachiyang'ana ndimagwidwa ndi chisoni, ndipo ndinalumbira kuti sindidzagwiranso za mwini ndisanafunse. Koma alendo akumudzi akabwera amaima patsogolo pake n'kunena kuti, "Eee, koma pakhomo posamalika!" Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, kamtima kamachita kuti myaa, chifukwa kusesa kokhako ndinasesa bwino.