Manyowa a Kuseri kwa Chipatala

Lolemba
Nkhuni zatha. Uvuni wazizira, masikono ogulitsa kulibe. Kuphiri alonda a nkhalango akulanda nkhwangwa. Koma Mulungu sagona! A Mhango, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Rumphi, akuti kuseri kwa chipatala kuli mulu wa zomwe anavuula m'thanki ya zimbudzi chaka chatha. "Pamunda wa ndiwo ayi, mayi, koma bulugamu mukamuthira zimenezi amakula mukumuona." Akuti zinauma kale. Ndiponso n'zaulere! Ndibzala mitengo yangayanga kuseri kwa nyumba, za kuphiri ndiiwale.

Lachiwiri
Zofunika: ngolo, fosholo, mbande, mtima wolimba. Alamu anga andibwereka ngolo osafunsa za katundu wake. Ndathokoza msangamsanga asanafunse. Pamwamba muluwo ndi wouma ndithu. Pansi pake a Mhango sanafikepo.

Lachitatu
Tsiku la msika pa Lisungwi, njira nayo ndi imodzi yomweyo. Achinyamata a chipani aimitsa ngolo, akufuna khadi la umembala. Langa ndaliiwala m'Baibulo! Mmodzi akuyandikira, akununkhiza, akubwerera chafutambuyo. "Pitani mayi, pitani msanga!" Zikomo Ambuye. Kungoti msika wonse wandiona, ine wa masikono, nditakhala pamwamba pa katunduyo.

Lachinayi
Mbande zalowa m'nthaka. Msana ukuwawa koma mtima uli mbee. Ndaphika masikono pamoto wa zitsononkho zotola. M'manja ndasamba mpaka sopo kutha. Ogula palibe. A Nachisale, amene sajomba kugula m'mawa uliwonse, akundipatsa moni ali tsidya la msewu. Ana adya masikono onse, akuti sabata ino ndi yabwino. Alamu atumiza mawu, ngolo ndisafulumire kubweza.

Lachisanu
Mvula yamphamvu, ija takhala tikupempherera ija. Ndikuyamika. Koma mulu wotsala wanyowa, fungo ladzuka lonse. Watsetsereka ndi madzi mpaka pabwalo la a Chikaonda, anansi athu a kumunsiku. Atuluka atatseka mphuno ndi chipewa: "Kodi mayi, tinakulakwirani chiyani?" Sanatukwane, munthu wabwino. Bambo a ana akuti lero akadyera kwa achemwali awo, awasowa.

Loweruka
Tsiku lonse ndi fosholo pabwalo la eni ake. Kukumba dzenje, kukokolola, kukwirira. Pobwerera ndikupeza nkhumba za a Chikaonda zili kalikiliki m'munda mwanga. Zokhazi ndiye zakondwa ndi ntchito yanga! Zafukula paliponse. Mbande zatsala zitatu. Kudandaula sindingathe, ndinayamba ndine. A Mhango akudutsa pa njinga: "Ndinaiwala kukuuzani, muluwo umafunika kufunditsa!" Sanatsike.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi lonse langa ndekha. Mpata wotere sindinauonepo.
Masana amayi a mumpingo afika pamzere, aliyense mtolo wa nkhuni pamutu. Atula m'mphepete mwa bwalo, osalowa. A Nachisale akuyankhula m'malo mwa onse: "Zikatha mutiuze, tidzabweretsa zina. Koma kuseri kwa chipatala kuja, chonde anzathu, basi."
Ndagwada, ndaomba m'manja, misozi ili mbwe. Ndalonjeza.
Mawa uvuni uyaka. Masikono akagulitsa a Nachisale, azikanena kuti aphika okha. Ine ndikhala pakhomo, kulondera mitengo yanga itatu.