Achule a Kudambo Lakuseri kwa Sukulu

Lolemba
Mvula yagwa, achule atuluka! Ahedi andilola kulankhula pamsonkhano wa makolo Loweruka. Cholinga: anthu aleke kugwira achule akuluakulu kudambo lakuseri kwa sukulu, poti ino ndi nyengo yawo yoikira mazira. Ilipo mitundu iwiri yapachibale. Buku langa la achule likuti waukuluwo ukuchepa m'madera ambiri, pamene waung'onowo ukadali wochuluka. Zofunika: ndowa ziwiri, pepala lalikulu, achule awiri amoyo.

Lachiwiri
Ndawagwira! Wamkulu wandiluma chala, osadziwa kuti loya wake ndine. Wamng'ono ali ndi kadontho koyera pakhutu, mnzakeyo alibe. Mkazi wanga akuti ndowa imodzi ibwerere, ndi yotungira madzi. Basi, onse m'ndowa imodzi. Apachibale angadyane?

Lachitatu
Angadyane. M'ndowa muli chule mmodzi, mimba ili tswii, maso ali pa ine. Buku linanena, koma patsamba lomwe sindinafikepo.

Lachinayi
Alamu anga afika kuchokera kuchigwa, kumene chule ndi ndiwo ya ulemu. Asuzumira m'ndowa nthawi yaitali. "Alamu, kanyamaka mukusungira Khirisimasi?" Ndowa ndaibisa kunsi kwa bedi.

Lachisanu
Mkazi wanga watulutsa ndowa posesa. Ndikuweruka kusukulu, alamu akutokosa m'mano, akuti tsabola anachepa. Chabwino, ndingojambula. Zithunzi ziwiri, kuonjezapo mapu a dambo: mtanda wofiira pathawale lililonse loikiramo mazira, kuti anthu azililambalala.

Loweruka
Makolo adzaza kalasi, ena pawindo! Zaka zonse ndaphunzitsa kuno ku Chiparamba sindinaonepo chidwi chotere. Mafunso: Wamkuluyo amatuluka nthawi yanji? Amakonda madzi akuya bwanji? Mtanda wachitatuwu uli pamkuyu paja? Akatekisiti ajambula mapu pafoni. Ndayankha zonse, mtima uli myaa. Nzeru zandibwerera ndili panjinga.

Lamulungu
Misa itangotha anthu abalalika, osacheza n'komwe. Ndapita kudambo: mapazi okhaokha m'matope, achule ali zii. Zandiwawa, sindibisa. Kunyumba ndapeza mbale yovundikira yochokera kwa apampando a makolo, ndi uthenga: "Aphunzitsi, zaka zonsezi timavutika ndi ting'onoting'ono. Mulungu akudalitseni."

Mkazi wanga akufunsa ngati atenthetse. Ndati atenthetse.