Chitedze m'munda wa apongozi

Mpaka lero ndikadutsa ku Mkaika amayi ena amayamba kudzikanda dala, ndipo ine ndimangowerama.

Nkhondo ya Jeremani itangotha ndinali mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni, komanso mkamwini watsopano. Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Kalongonda wa apongozi anga aakazi, yemwe amatipulumutsa pa njala, anafota yense. Koma kumtsinje chitedze chinali biriwiri, ngati chilala sichikuchidziwa.

Nditayang'anitsitsa masamba ndi nyemba zake, ndinaona kuti ziwirizi ndi pachibale. Nzeru inandibwerera (ikanangopitirira): ndizibzale pamodzi zikwatirane, mwana wake atenge kupirira kwa chitedze ndi kufatsa kwa kalongonda. Zoti mwana akhoza kutengera kuyabwa sindinaziganizeko.

Ndinawaula nyemba za chitedzezo pamoto kuti ubweya upse, n'kusunga njere. Mvula itagwa ndinazibzala mwakachetechete pakati pa mbewu za apongozi. Zinamera mokondweretsa, zinayanga mpaka pamwamba pa mapira.

"Amuna anu ali ndi dzanja la mbewu," apongozi anauza mkazi wanga Nabanda, ine ndikumvera kuseri kwa nkhokwe, poti mkamwini sayang'anana ndi apongozi. Ndinayenda chonyada mwezi wathunthu.

Tsiku lokolola apongozi anaitana anzawo asanu a kutchalitchi. Kunali kamphepo. Ndili pakati pophunzitsa ndinamva kukuwa, kenako ndinaona amayi olemekezeka akuthamangira kudambo, nsalu m'manja, kukadzipaka matope. Apongozi anandipeza panjira. Mwambo unathera pomwepo: anandiyang'ana m'maso, akukanda msana pamtengo.

"Aphunzitsi, chitedze chimabzalidwa ndi munthu?"

"Ndimafuna zikwatirane, amayi."

"Ukwati umene muuone bwino ndi wanu."

Apo mantha anandigwira zenizeni, pakuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo Nabanda ndinkamukonda. Amalume ake anagamula kuti ndizule chitedze chonse ndi manja anga, apo ayi ndinyamule mphasa yanga. Ndinazula masiku atatu, ndikulira ngati mwana. Nabanda ankandipaka phulusa akuseka mpaka misozi, koma sanandithamangitse.

Ndinalumbira pamaso pa mbumba yonse kuti zakutchire ndazisiya. Komatu dzulo, pobwera ku Katete, ndinaona kakhobwe kakutchire kali ndi maluwa pamchenga wouma. Njere zake zili m'thumba la malaya angawa, ndipo Nabanda sanadziwe.