Injini ya Minibasi M'boti la Atate

Lolemba

Injini ya boti yafa. Makanika wa ku Chintheche akuti zitsulo zake mpaka aitanitse ku Mzuzu, tidikire mwezi wamawa. Mwezi wamawa! Mdima wopanda mwezi ndi uno, nyengo ya usipa ndi ino. Boti limeneli anandisiyira malemu atate, ndipo ndi limene limatidyetsa pakhomo pano. A Kamanga, mkulu wa asodzi anga, anena mosabisa: boti likapanda kulowa m'madzi pofika Loweruka, onse akupita kwa a Mhone, amene ali ndi boti latsopano koma alibe anthu.

Ndiye bambo a Chisomo adzuka ndi nzeru. Amuna angawa kwawo ndi ku Kasungu, madzi anawadziwira mu ndowa. Akuti minibasi yawo ija, imene ili pa njerwa kuseri kwa nyumba nkhuku zikuikiramo mazira, injini yake ndi yamoyo. "Injini ndi injini, mayi a Chisomo. Inkakwera mapiri a ku Mzuzu itadzaza anthu ndi matumba, ilephere madzi osalala?"

Ndavomera. Ndi mantha, osati nzeru.

Lachiwiri

Aizula. Gulu lonse la amuna kuinyamula pamitengo ngati maliro, pamene injini ya boti a Kamanga amaisenza okha paphewa. Komanso iyi siyenda yokha, yabwera ndi abale ake:

rediyeta yodontha,
giyabokosi,
batire yobwereka,
paipi ya utsi yomanga ndi waya,
mpando wa dalaivala, poti bwana sangakhale pathabwa.

Boti lakhala pansi kumbuyo, mphuno yaloza kumwamba ngati munthu wolemera kumene.

Lachitatu

Lero ndi kuboola. Injini ya boti imangopachikidwa kumbuyo, basi. Iyi ikufuna bowo loti padutse chitsulo chozunguza pulopela. Aboola thabwa limene atate anakhoma ndi manja awo. Zandipweteka kwambiri, ndachokapo. Akuti amata ndi phula.

Ndafunsa za kutentha. Injini ya boti imamwa madzi a m'nyanja momwemo n'kumalavula. Ya galimoto imadalira mphepo ya pamsewu, nanga pansi pa boti aibisapo mphepo iipeza bwanji? Yankho: zamakina ndizisiye. Chabwino, ainjiniya.

Lachinayi

Tsiku loliza. Mudzi wathu wonse wa Kande uli padooko, ngakhale amene sanabwere pamaliro a atate. Bambo a Chisomo akhala pampando wawo, apotokola kiyi. Zii. Apotokolanso. Zii. Kenako nkhope yagwa, akumbukira: sitata ya minibasi ija inafa kalekale. Zaka zonsezi inkalira mochita kukankha. Ankaiimika pamtsetse, kondakitala ndi okwera n'kumakankha.

Munthu wamkulu akuyang'ana nyanja uku ndi uku, kusaka mtsetse.

Alamula asodzi alowe m'madzi akankhe boti, iwo aika giya yachiwiri. Akankha mpaka madzi m'khosi. A Kamanga afunsa mwaulemu: "Ada, tikankhe mpaka ku Likoma?" Amayi ochapa aseka mpaka kugwetsa sopo. Ine ndaphimba nkhope ndi chitenje.

Lachisanu

Sitata yobwereka. Yalira! Utsi tolo, agalu kuthawa. Ndisaname, ndavina pang'ono.

Kuvina kwathera pomwepo. Pamsewu bambo a Chisomo anazolowera kuzimitsa injini potsetsereka kuti mafuta asathe. Panyanja palibe potsetsereka, injini ikukoka ngati ikukwera phiri losatha, yopanda popumira. Asanafike patali rediyeta yabwata. Ndikuona ndili kumtunda: a Kamanga akuthira madzi painjini ndi chitini, mnzawo akukapa madzi olowa pabowo paja. Wina kuthira, wina kukapa, boti limodzi.

Atembenuka, akubwerera. Akulunjika pamwala wochapira. Aliyense akukuwa kuti achepetse moto akadali kutali. A Kamanga akuti amangoona phazi la amuna anga likupondaponda thabwa, kufuna buleki.

Boti lilibe buleki. Phwa!

Loweruka

Mphuno yasweka. Bowo lija lang'ambika mpaka m'mbali. Pokoka boti, matabwa apansi alekana, injini yatsala m'madzi ofika m'chiuno. Palibe wofuna kuinyamulanso.

Bambo a Chisomo akuti injini ilibe mlandu, wolakwa ndi mwala. Akuti kukanakhala kumsewu akanaikapo chikwangwani. Mwala umenewu amayi anga anachapirapo matewera anga.

A Kamanga abwera chipewa chili m'manja. "Amama, ana akufuna kudya." Atenga nyale zawo zophera usipa, apita kwa a Mhone. Sindikuwada. Ndalira kukhitchini, ndanamizira utsi.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni wautali, wa anamfedwa.

Pobwerera ndadzera kudooko. Boti la a Mhone ladzaza mamba a usipa wa dzulo, ndipo chingwe chake amangirira painjini yathu ija. Akuti ndi nangula wabwino, ngakhale mphepo ya mwera singamusunthe. Bambo a Chisomo amva zimenezi, chifuwa chatukuka. "Ndinanena ine kuti injini imeneyi igwira ntchito panyanja."

Lero ndi Sabata, zokalipa ndasungira mawa.

Mawa ndidzuka ndi beseni kukalimbirana usipa wogula, kwa asodzi anga omwe. Boti la atate taliika pa njerwa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi minibasi. Nkhuku zayamba kale kuliyendera.