Madengu makumi awiri m'jumbo imodzi

Ine maganizo anga anali abwino, anzanga. Kwathu ku Jumbe amayi obadwira m'chigwa muno amaluka madengu a mlaza, ife ochokera kumtunda timasoka zitenje, koma kukhala pamphasa imodzi ayi, aliyense amati mnzake ngonyada. Ndiye nditagula foni yojambula ndinati tiyeni tigwirizane, inu muziluka, ife tizisokerera nsalu m'kati, ine ndizitsatsa pa intaneti. Anavomera monyinyirika.

Amake Tisa, katswiri woluka, anapanga kadengu kachitsanzo, kakang'ono ngati kapu ya tiyi. Ine ndinakajambula pafupi kwambiri kuti maluko aoneke, mpaka kanadzaza chithunzi chonse. Kukula kwake sindinalembe. Ndani amaganiza zimenezo?

Mawa lake uthenga unabwera kuchokera kuloji ina ya ku Mfuwe, akufuna makumi awiri ofanana ndi a pachithunzi. Kodi ndinafunsa kuti ndi a ntchito yanji? Ayi ndithu, ndinali kalikiliki kuvina. Masabata awiri amayi analuka ndi kusoka, kuminda osapita, ine ndikuyendayenda ngati bwana.

Tsiku lotenga katundu tonse tinatchena, kudikira pamsewu. Kunabwera chigalimoto choonetsera alendo nyama, mipando yakumbuyo atachotsa.

"Mwaswera bwanji, amayi? Ndabwera kutenga mabasiketi twente oikamo zovala zochapa," anatero dalaivala. "Ali kuti? Ndabweretsa na zingwe."

Ine ndinakweza jumbo imene inali m'manja mwanga, momwe munali timadengu tonse.

Bamboyo anasuzumira, natulutsa kamodzi, nakayang'ana mbali zonse. "Amayi, alendo athu savala zambiri, koma umu mungalowe sokosi imodzi chabe."

Manyazi ake! Ndinafuna nthaka ing'ambike. Mtima unandiwawa poganiza kuti gulu latha basi, ayamba kulozana zala. Koma amake Tisa anaphulika kuseka mpaka kugwera pa Nangozo, telala wathu, amene samalankhulana naye chaka chathunthu, awiriwo misozi mbwembwembwe. Abwana akuloji, atamva pafoni, anati tiwatumizebe aziikamo sopo, madengu akuluwo tiyambe mawa.

Lero amayi aja amaluka pamodzi, ndipo agwirizana chimodzi kuti wopusa pagulupo ndine. Chiyambireni sindijambulanso dengu lili lokha. Amuna anga amaima pambali pake, afune asafune, ndipo mzungu wina wafunsa kale ngati nawonso ali pamalonda.