Mabuku 240 a Kamvulumvulu

Lolemba, 14 Julaye

Malo: pakhonde la sitolo pamene a Saidi amasokera, m'tauni. Nthawi: 4:20 madzulo. Opezeka: a Saidi, telala, a Bonongwe, aphunzitsi opuma, a Nangozo, ogulitsa zitumbuwa ku Chinamwali, ndi ine. Tonse anayi tinakula tikuwerenga mabuku a zithunzi a Kamvulumvulu.

Nkhani yabwera ndi a Nangozo. A Malikebu, amene analemba ndi kujambula Kamvulumvulu zaka 20 osadumpha mwezi, akuchoka Lamulungu. Maso akutha, okha sangakhalenso, ndiye mwana wawo wamkazi akuwatengera ku Mzuzu. Choipa china: m'nyumba mwawo mulibe buku ndi limodzi lomwe. Chiswe chinadya onse.

Ine ndili nawo onse. 20 x 12 = 240. Ali m'bokosi la chitsulo kunsi kwa bedi, khumi khumi mu jumbo.

Zomwe tagwirizana:
1. Loweruka 2 koloko tikawazonde.
2. Tikawawerengere mawu othokoza, ofotokoza ntchito yawo yonse.
3. Tikawapatse mabuku anga onse.

Mfundo yachitatu ndanena ndine. Ndanena motsitsa, ndimati samva. Amva onse, aomba m'manja!

A Bonongwe akuti popanda komiti palibe chingayende. Wapampando a Saidi, wachiwiri a Bonongwe, msungichuma a Nangozo (chuma palibe), mlembi ine. Membala wamba tilibe.

Akutinso tiyambe tawerenganso mabukuwo tisanalembe mawu. Ndakatenga bokosi pa kabaza. Ndagawa motsatira manambala, monga ndimasanjira matabwa kuntchito: a Bonongwe 1 mpaka 60, a Saidi 61 mpaka 120, a Nangozo 121 mpaka 180, ine otsalawo. Aliyense wasayina.

Lachiwiri, 15 Julaye

Chiperoni paphiri. Kochekera matabwa makina aima, ndikuwerenga gawo langa m'kashedi.

Anzanga achinyamata sakumudziwa Kamvulumvulu. Ndikuwafotokozera: masana ndi Jailosi, wotsitsa nkhuni panjinga kuchokera kuphiri. Akatembenuza chisoti n'kuzungulira katatu amasanduka mphepo, amanyamula mbava ndi galimoto yawo yomwe. Mmodzi akufunsa ngati ali pa foni. Ayi, sali pa foni.

Poweruka ndadzera kwa a Bonongwe kuno ku Chikamveka. Ndawapeza pampando wa ndalema, magalasi pamphuno, bolopeni yofiira m'manja. Akuchonga!

Nambala 1: 14/20.
Nambala 2: 11/20, "Yesetsani."
Nambala 7, imene ndinaigula nditagulitsa nkhunda zanga ziwiri: azungulira mwendo wa Jailosi, alemba kuti "Waufupi."

Akuti, "Kuyamikira kopanda malikisi n'kunyengerera, alembi."

Ndimafuna kunena kanthu. Ndangoti zikomo chifukwa cha tiyi.

Lachitatu, 16 Julaye

Msonkhano wachiwiri, pakhonde lomwe lija. Opezeka: tonse. Tayamba 4:35, tatha 6:05. Mawu othokoza omwe talemba: mzere umodzi, "Olemekezeka a Malikebu."

Maganizo a komiti pa zaka 20 zija:

A Bonongwe: zaka zisanu zoyamba n'zabwino, kenako munthuyu analowa ulesi.

A Saidi: ayi, zokoma ndi 63 mpaka 88, pamene Jailosi anakwatira Esinati. Amuna ake akabwera kokazungulira malaya atang'ambika, Esinati ankawasoka akukalipa. A Saidi akuti kagwiridwe ka singano kanajambulidwa molondola, iwo monga telala akuikira umboni. Koma ali ndi mlandu ndi a Malikebu. Mu 88 Esinati akupita ku Songani kukagula tomato, basi, satchulidwanso mpaka 240. "Mkazi wa munthu amasowa choncho? Ngakhale ambulera timaifunafuna!"

Onse: 121 mpaka 160 ndi zaka za zimbudzi. Bungwe lina linayamba kulipira zosindikiza, ndipo miyezi 40 Kamvulumvulu sanamenye munthu. Ankangozungulira n'kukumba zimbudzi, kenako n'kusamba m'manja ndi sopo. A Saidi akuti tisazitchule. A Bonongwe akuti tizitchule, ndiponso tiyambire pomwepo. A Nangozo akuti kwawo chimbudzi choyamba chinakumbidwa chifukwa cha nambala 130, ndiye anthu azilankhula bwino.

Za gawo langa sanandifunse. Mmenemo Jailosi wakalamba, amakhala pamwala pafupi ndi damu la Mulunguzi, chisoti pabondo. Anthu amati zotopetsa. Ine ndimazikonda.

Potuluka a Nangozo akuti akazi a Malikebu anamwalira mwezi umene iwo anabereka mwana wawo woyamba, n'chifukwa chake sanapite kumaliro. Ndafunsa chaka ndi mwezi. Kunyumba ndawerengetsa kawiri. Maliro, Malichi. Nambala 88, Epulo wotsatira.

Sindinauze munthu.

Lachinayi, 17 Julaye

Tsiku loipa.

M'mawa ndagula zitumbuwa pamsewu wa kuphiri kwa mayi amene amaoda kwa a Nangozo. Pepala lokulungira: Kamvulumvulu akusamba m'manja. Tsamba 5, nambala 134. Mafuta okhaokha!

Ndapempha kuweruka msanga, ndatsika ku Chinamwali. A Nangozo akulira. Anasiya mabuku pafupi ndi beseni, alamu awo anaona ngati mapepala akale. Tawerenga limodzi: athunthu 43, opita 17.

Ndayenda msika wonse ndikugula zitumbuwa. Ndagula 9, ndapeza masamba 9, palibe awiri a buku limodzi. M'mimba mwalemera.

Msonkhano wachitatu. Nditalengeza za 17 aja, a Saidi afunsa manambala. Nditawauza akuti, "Aa, a zimbudzi? Pepani ndithu," koma nkhope sikupepesa.

Kenako nkhani ya malikisi. A Bonongwe akufuna tikawerenge malikisi onse pamaso pa a Malikebu, ndi avereji yake. A Saidi akuti nkhalamba yodwala siilandira lipoti la sukulu. A Bonongwe akuti telala asawaphunzitse zolemba. A Saidi akuti buluku limene avalalo anasoka ndi telala, ndipo lamba wake anachita kuwonjezera kawiri.

Ndayesa kunena za Malichi ndi Epulo. Ndakweza dzanja mphindi 6. Wapampando sanandione.

A Bonongwe atulutsa kalata yotula pansi udindo. Inali yolembalemba kale, ya deti la dzulo. Akuti mabuku adzapereka pamsonkhano wa anthu okwanira. Popanda iwo sitikwanira.

Lachisanu, 18 Julaye

Chiperoni chabweranso. 7:10 uthenga pa foni: amalume a a Saidi amwalira ku Namwera, anyamuka m'mawa womwewo kuti akapeze maliro. Ndawapepesa. Ndadikira ola lathunthu kuti kusaoneke kuipa, kenako ndafunsa za mabuku.

Ali m'katoni pamodzi ndi makina osokera, m'kati mwa sitolo, mmene amasungitsa akaweruka. Ndathamanga pa nthawi ya nkhomaliro. Sitolo yotseka, maloko atatu. Pachitseko pepala: "Tapita ku Blantyre, titsegula Lolemba." Ndasuzumira pampata wa chitsulo. Katoni ndikuiona! Mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pamene ndaima.

Woyandikana nawo akuti makiyi ali ndi mwini yekha, ndipo foni sayankha ali paulendo. Ndaimba ka 11.

Madzulo kwa a Bonongwe. Ndavula chisoti, ndakhala pansi pa khonde. Akuti alibe nane chifukwa. Andipatsa 22 amene amaliza kuchonga. Otsala 38 akuti sangatulutse ntchito yosachonga, zaka 31 za uphunzitsi sanachitepo.

22 + 43 + 60 = 125.

Mawu othokoza ndalemba ndekha, tsamba limodzi ndi theka. Zimbudzi ndazitchula pang'ono, mwaulemu.

Loweruka, 19 Julaye

Malo: kwa a Malikebu, Chinamwali, kuseri kwa chigayo. Nthawi: 1:50. Opezeka: a Nangozo ndi ine. Opepesa: palibe amene watumiza.

Katundu wamangidwa kale. Mipando yapita, tikukhala pamatumba. A Malikebu ndi aafupi kuposa mmene ndinkaganizira. Jekete lalikulu, chipewa cha ubweya, diso lamanzere loyera. Zaka zonsezi ndimawadutsa pamsika osadziwa.

Ndaimirira kuwerenga mawu. Mawu anga samveka, mwana wawo akubwereza mzere uliwonse mokweza, ngati kutchalitchi kukabwera mlendo. Pofika pa zimbudzi a Malikebu akuseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, zimene zija zinaphunzitsa mwana uyu mpaka Fomu 4. Ndikanakumba zina 40."

Tatsegula bokosi. Akugwira buku lililonse, akulinunkhiza, akuliyandikiza pa diso lakumanja mpaka kukhudza mphuno. Mwana wawo wawerenga zofiira zija: 11/20, Yesetsani. Ndafuna nthaka inditsegukire. Iwo akuti, "Nambala 2? Wandikomera mtima ameneyo. Ndinajambula ndili ndi malungo."

Kenako akufufuza mofulumira. 22, kenako 121. Abwerera. 22, 121.

"Nanga Esinati ali kuti?"

Ndafotokoza za a Saidi, za maliro, za maloko atatu. Ndafotokoza kuti ndinagawa ndine, motsatira manambala, ndiye 63 mpaka 88 onse anapita mulu umodzi. Ndikanasakaniza, bwenzi pali ngakhale limodzi.

Mwana wawo watuluka panja. A Nangozo akuyang'ana pansi.

A Malikebu akuti mayi a m'nyumba sankalola kujambulidwa ndi kamera, ankati amaoneka okwiya. Chithunzi chinali chimodzi, cha ukwati, chinapita ndi chiswe. Nkhope ya Esinati ndi yawo. Ankawajambula akusoka pakhonde, iwo osadziwa. "Mayiwo atapita ndinayesa kumubweza Esinati kuchokera ku Songani kuja. Dzanja linakana."

Sindidziwa kujambula. Koma 88 ndimaidziwa pamtima. Ndanena yonse, tsamba ndi tsamba, masamba 16: pamene Jailosi akutembenuza chisoti, pamene galimoto ya oba matabwa ikukwera m'mwamba, pamene akufika kunyumba malaya ali mbali ziwiri. Tsamba lomaliza Esinati wanyamula dengu, ali pakhomo, akuti, "Malaya ali pampando, ndasoka. Musawang'ambenso, ulusi wanga watha."

Nthawi iyi palibe wondibwerezera. Amva okha.

Kenako a Malikebu akuti, "Dengu linali kudzanja liti?"

Ndati lamanzere.

"Eya. Anali amanzere."

A Nangozo atulutsa zitumbuwa, zokulunga mu nsalu. Tadya. Potiperekeza mwana wawo wandipatsa nambala ya foni. Wanena motsitsa kuti adokotala akuti diso lakumanja nalonso likutseka, mwina mwezi, mwina osakwana. Akuti ngati ndikutumiza mabuku otsalawo, ndifulumire.

Lamulungu, 20 Julaye

Ndafika padepoti 5:40 m'mawa. A Malikebu anyamuka 6:15. Bokosi akana kuti liikidwe kumbuyo, alinyamula pamiyendo. Ndakweza dzanja, anali kuyang'ana mbali ina. Mwana wawo wawauza, akweza lawo basi itadutsa kale.

Ndapita kutchalitchi. A Bonongwe anali mzere wachitatu, andigwedezera mutu. Akuti afika nambala 29.

Potuluka ndadzera kusitolo. Pepala lija lanyowa, likadali pomwepo. Woyandikana nawo akuti mwini sitolo akalemba Lolemba sanena kuti Lolemba liti. Ulendo watha anakhala masabata atatu. A Saidi akuti abwera Lachitatu, koma makiyi alibe.

Kunsi kwa bedi kwatsala malo oyera a makona anayi. Mayi a kunyumba akuti aikapo nsapato. Ndavomera.

Mawa ndipempha kuweruka 12 koloko, ndikakhale pakhonde paja. Jumbo ndakonza kale, ndalembapo dzina ndi nambala ya ku Mzuzu.

Mabuku salinso anga. Otsala kuti aperekedwe kwa a Malikebu:

Kwa a Bonongwe, 38.
Okulungira zitumbuwa, 17. Amenewa sabwera.
M'sitolo, 60. Mwa amenewa, momwe muli Esinati, 26.

Onse pamodzi, 115.